Zopanga ndi ana pa 6 July ndi pa tchuthi cha December kuno ku Joni

Ikamayandikira 6 July, makolo ambiri a ku Malawi kuno ku Johannesburg timayesa kupangira ana kambendera. Ndipo kawirikawiri zimatha chimodzimodzi: dzuwa lofiira silikuoneka pa penti yakuda, katoni yapindika ngati chipande, mwana akulira, kholo latopa. Ine zinandichitikira zoposa pamenepo. Chisamba changa chinakopera mbendera pa foni n'kupita nayo kusukulu, chofiira pamwamba, dzuwa loyera lathunthu pakati. Imeneyo ndi mbendera ija inabwera mu 2010 n'kuchotsedwa mu 2012. Mnzanga wa ku Mzimba ataiona anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu mwamutchonetsa." Kuyambira pomwepo ndimakhala naye pansi, tonse manja ali penti.

Zomwe zili m'munsimu n'zotheka ngakhale m'chipinda chimodzi cha lendi. Zambiri zofunika muli nazo kale kukhitchini.

ZOFUNIKA KUSONKHANITSA

Yambani kusunga zinthu sabata ziwiri tsikulo lisanafike, m'jumbo imodzi yomwe ana sakuifikira.

- Makatoni olimba. Akumashopu amapereka ulere mukapempha m'mawa akamatsitsa katundu.
- Penti yosungunula ndi madzi: yakuda, yofiira, yobiriwira, yoyera, ndipo ngati ndalama ilipo, yachikasu ndi yabuluu. Imapezeka ku Crazy Store, ku PEP nthawi yogula za sukulu, kapena ku China Mall.
- Maburashi awiri, yaikulu ndi yaing'ono. Kachidutswa ka siponji yotsukira mbale kamagwiranso ntchito.
- Sizasi, rula, pensulo, kapu ya tiyi ndi sosala.
- Bokosi limodzi la machesi.
- Ufa wa tirigu wophikira mandasi, mchere, ndi kapoto kakang'ono.
- Zidutswa za zitenje, chingwe, ndi zopanira zovala.
- Zitsekerero zachitsulo za mabotolo, msomali, hamala.
- Matireyi awiri a mazira 30 aja.
- Mahang'ala awaya, waya wofewa womangira, pulayasi, ndi malegeni.
- Nyuzipepala zakale zoyala pansi, ndi malaya otha kuti ana avale.

GULUU WA UFA

Kumudzi tinkamata mapepala ndi mkute wa nsima. Umagwira ndithu, koma ufa wa chimanga umasiya timibulu. Wa tirigu ndi wosalala.

1. Thirani hafu ya kapu ya ufa m'poto, ndi madzi ozizira kapu imodzi. Takasani mpaka mibulu ithe. Musayambe ndi madzi otentha, ufa umaundana pomwepo.
2. Onjezani makapu ena awiri a madzi ndi supuni imodzi ya mchere. Mcherewo umachedwetsa nkhungu.
3. Ikani pamoto wochepa, mukutakasa osaleka, mpaka zikhale ngati phala la mwana wakhanda. Sizidutsa mphindi zisanu.
4. Tsitsani, dikirani lizizire. Likamazizira limalimba, choncho litsitseni lidakali lamadzi pang'ono.

Gawo la pamoto ndi la munthu wamkulu. Lotsala lisungeni m'furiji masiku atatu basi, ndipo lembani pachitsekerero, chifukwa abambo akunyumba kwathu anatsala pang'ono kulithira shuga.

MBENDERA YA MALAWI YA PA KATONI

Apa ndi pomwe ambiri timagwa, ndiye ndichedwapo. Mbendera yathu ili ndi mizere itatu yopingasa yofanana kukula: wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi. Pa wakudawo pali dzuwa lofiira lomwe likutuluka, lili ndi cheza 31. Ndi yomwe inakwezedwa pa 6 July 1964 pomwe Nyasaland inakhala Malawi. Ntchitoyi igaweni masiku awiri. Mukafuna kuimaliza tsiku limodzi m'chisanu cha kuno, idzakukhumudwitsani.

Tsiku loyamba:

1. Dulani katoni masentimita 45 m'litali ndi 30 m'lifupi. Musachepetse. Mbendera ikakhala ya pepala la A4, cheza 31 sichikwana, mumathera pa 17 kapena 20. Kudula katoni ndi ntchito ya wamkulu.
2. Ndi rula, lembani mizere iwiri yopingasa kuti pakhale magawo atatu, lililonse masentimita 10. Lembani ndi pensulo m'gawo lililonse dzina la mtundu wake mwana asanagwire burashi. Akangoyamba kupaka sabwerera m'mbuyo.
3. Pakani penti yoyera pakatoni yonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Anthu amadumpha pamenepa. Katoni yabulauni imamwa penti, chofiira chimaoneka ngati dothi la katondo. Kupaka mbali zonse ziwiri n'komwenso kumaletsa katoni kupindika, chifukwa mbali imodzi ikanyowa yokha imakoka inzake ikamauma. Pensulo idzaonekabe pang'ono pansi pa penti yoyera.
4. Pomwe katoni ikuuma, konzani cheza. Tengani ndodo za machesi 35, inuyo mudule mitu yake ndi sizasi n'kuitaya kutali. Zinayi zapamwambazo n'zoti zina zikathyoka. Mwana azipake penti yofiira pozigubuduza m'sosala, kenako aziyale panyuzipepala zisakhudzane.
5. Choyera chikauma, pakani chobiriwira ndi chakuda, chofiira chapakati chidikire. Mitundu iwiri yoyandikana ikakhala yonyowa nthawi imodzi imalowererana. Ngati muli ndi tepi yamapepala, imateni m'malire kuti mzere uwongoke.
6. Zikauma, pakani chofiira. Ikani katoni pamalo afulati igone mpaka mawa.

Tsiku lachiwiri:

7. Dzuwa musalipake ndi penti pamwamba pa chakuda. Penti yofiira ya ana siioneka pa yakuda ngakhale mutabwereza kasanu. Tengani pepala loyera, lipakeni chofiira, likauma vundikiranipo kapu ya tiyi n'kuzunguliza pensulo. Kukamwa kwa kapu kukhale pafupifupi masentimita 8. Dulani, pindani pakati, n'kudulanso kuti mukhale ndi theka.
8. Pezani pakati pa katoni, pa masentimita 22 ndi theka. Matani theka la dzuwalo m'munsi mwa gawo lakuda, mbali yowongoka ili pansi, lizioneka ngati likutuluka kuchokera m'chofiira.
9. Kuzungulira dzuwalo siyani mpata wakuda wokwana chala chaching'ono cha mwana. Lembani mzere wokhota ndi pensulo kuti cheza chonse chiyambire pamenepo.
10. Tsopano chinsinsi chake. Musayambire kumapeto. Ikani ndodo imodzi pakati penipeni, yoloza m'mwamba. Kenako imodzi kumapeto akumanzere, ina kumapeto akumanja, zogona pafupi ndi chofiira. Zatsala 28: 14 mbali iyi, 14 mbali inayo. Ziyaleni kaye popanda guluu, muzisuntha mpaka mipata ifanane. Mbali iliyonse zikhale 15, kuphatikiza ija yapakati 31.
11. Mukakhutira, nyamulani imodzi imodzi, ikani kadontho ka guluu, bwezerani pamalo pake. Pa machesi guluu woyera wa matabwa amagwira kuposa wa ufa, ngati alipo.
12. Kumbuyo matani ndodo kapena chingwe chopachikira. Ikani buku lolemera pamwamba pa nyuzipepala mpaka madzulo.

Mwana aziwerenga mokweza pomwe akuyala. Ana obadwira kuno amawerenga m'Chingerezi kapena m'Chizulu, ndiye zisanu zoyambazo muwerenge limodzi m'chinenero chathu: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Akafunsa chifukwa chake pali 31, chimene chimanenedwa n'chakuti Malawi anali dziko la nambala 31 mu Africa kulandira ufulu. Chakuda ndi anthu a mu Africa, chofiira ndi magazi a omwe anafera ufulu, chobiriwira ndi chonde cha dziko. Mzime wanga atamva kuti dzuwa lotulukalo ndilo "kwacha", anathamangira kukatenga K500 yomwe agogo ake anamupatsa titapita kumudzi, akuti akufuna aone ngati m'ndalamamo muli m'mawa.

Chenjezo lalikulu la nyengo ino: July wa kuno amazizira kuposa wa ku Dedza, m'mawa udzu umachita kuyera. Penti imachedwa kuuma m'nyumba, ndipo mtima umakuuzani kuti muyandikize katoni ku hita kapena ku mbaula. Musatero. Katoni, nyuzipepala ndi machesi pafupi ndi moto m'chipinda chotseka ndi ngozi, komanso mbaula yamakala m'nyumba yotseka mazenera imapha anthu ndi mpweya wake woipa. Tulutsani panja cha m'ma 11 koloko dzuwa likafunda. Mpweya wa Joni m'chisanu ndi wouma kwambiri, ola limodzi limakwana. Tsindikirani m'makona ndi miyala.

ZOLENDEWERA ZA ZITENJE

Izi ndi zija timakoloweka pakhonde kapena pakati pa mitengo tikakumana Amalawi kudya nsima limodzi ku Zoo Lake kapena pabwalo la tchalitchi. Atelala athu ali mbwee ku Yeoville, ku Rosettenville ndi m'tauni, ndipo zidutswa amangotaya. Apempheni mwaulemu, mwina muwatengereko kabotolo ka zoziziritsa kukhosi. Zikavuta, ku Oriental Plaza ku Fordsburg mungagule theka la mita la nsalu yakuda, yofiira ndi yobiriwira.

1. Nsalu yatsopano ichapeni kaye payokha n'kuisita. Yofiira imachucha, ndipo yosachapa imakana guluu.
2. Dulani kakatoni ka makona atatu, masentimita 15 pamwamba ndi 20 kutsika. Kameneka ndiye muyeso wa zidutswa zonse. Mukalola aliyense kudula mwa maso, zimatuluka zina ngati khutu la mbuzi, zina ngati lilime la ng'ombe.
3. Mwana ajambule ndi choko kapena kachidutswa ka sopo kumbuyo kwa nsalu, wamkulu adule. Sizasi ya ana siidula nsalu, imangoitafuna.
4. Mangani chingwe pakati pa mipando iwiri, chikhale chokungika. Siyani theka la mita mbali iliyonse lomangira.
5. Pakani guluu kumtunda kwa chidutswa, pindani masentimita awiri pamwamba pa chingwe, panani ndi chopanira zovala mpaka ziume.
6. Tsatani ndondomeko ya mbendera: chakuda, chofiira, chobiriwira, kenako chitenje chamaluwa, n'kuyambiranso.

Ngati zidzakhala panja nthawi yamvula, sokani ndi singano m'malo momata. Guluu wa ufa akanyowa amabwerera kukhala phala.

MASECHE OIMBIRA

Ana akamaphunzira nyimbo ya fuko kapena za kwaya, amakonda kukhala ndi choti azigwedeza.

1. Sonkhanitsani zitsekerero zachitsulo 12. Ziphwanyeni ndi hamala pa njerwa kuti zikhale zafulati.
2. Chotsani kamphira kam'kati ndi nsonga ya mpeni. Ichi n'chomwe ambiri sadziwa. Mukakasiya, maseche amangoti phuphuphu, salira.
3. Boolani pakati ndi msomali, pansi mutaika thabwa. Kumbuyo kwa bowo kumatuluka timano takuthwa, tiphwanyeninso ndi hamala.
4. Pezani kamtengo ka mphanda ngati ka legeni. Mwana atunge zitsekerero pa waya, inu mumange wayawo pakati pa nthambi ziwirizo, wosakungika kwambiri kuti zizigundana.
5. Kulungani nsonga za waya ndi tepi. Chogwirira achipake mizere itatu ya mbendera.

Wa zaka zosakwana zitatu musamupatse zimenezi. Iye muthirireni mpunga pang'ono m'kabotolo kapulasitiki, mutseke zolimba n'kumata tepi kuzungulira chitsekerero.

PA HERITAGE DAY

Pa 24 September sukulu zambiri za kuno zimauza ana abwere ndi za chikhalidwe cha kwawo. Ana athu ena ali ndi kwawo kuwiri, ndiye chipewa cha mbendera ziwiri chimawakomera. Dulani lamba wa katoni yofewa ya bokosi la phala la m'mawa, masentimita 6 m'lifupi, muyese pamutu pa mwana musanamate. Kutsogolo matani timbendera tiwiri. Ya South Africa ili ndi mitundu isanu ndi umodzi, ndipo pomwe timasokoneza ndi apa: chofiira chili pamwamba, chabuluu pansi, chobiriwira chija chooneka ngati Y wogona chili pakati ndi malire oyera, ndipo makona atatu akuda okhala ndi malire achikasu ali mbali ya ndodo. Pa kambendera kakang'ono ka Malawi musalimbane ndi machesi, jambulani cheza ndi bolopeni yofiira pa kapepala koyera, mudule, kenako mudetse mipata ndi yakuda.

ZA TCHUTHI CHA DECEMBER

Sukulu zikatseka mu December, si tonse timakwera basi kupita kumudzi. Otsalafe tili ndi masabata angapo a ana otopa ndi kukhala. Nyengo ndi yosiyana kwambiri ndi July. M'mawa kumatentha, dzuwa la pamtunda pano limawotcha khungu msanga, ndipo masana mitambo ikangoda kumabwera mabingu, nthawi zina ndi matalala. Ntchito zonse zapanja zichitike m'mawa pamthunzi. Pofika 2 koloko lowetsani zonse zomwe mwayanika. Mukamva bingu, ana alowe m'nyumba, makamaka amene agwira waya.

Nsomba za m'nyanja ya Malawi

Mitengo ya jacaranda yomwe imachita maluwa apepo mu October ndi November ku Kensington, ku Melville ndi m'misewu yambiri yakale, imagwetsa makoko olimba afulati, ozungulira ngati nsomba yaing'ono. Kukatola kokhako ndi theka la chisangalalo.

1. Tolani abulauni ouma. Obiriwira amakwinyika akamauma ndipo penti imasweka.
2. Apukuteni ndi kansalu konyowa, gwedezani kuti njere ndi tizilombo zituluke, ayanikeni tsiku limodzi.
3. Pakani choyera kaye, monga tinachitira ndi mbendera.
4. Onetsani ana zithunzi za mbuna, tinsomba tam'miyala ta ku Cape Maclear, tabuluu ndi tachikasu tamizeremizere. Aliyense asankhe yake. Wofuna chambo apake chotuwa, asakaniza choyera ndi kadontho ka chakuda.
5. Mchira ndi zipsepse dulani pa zidutswa za chitenje, mulowetse pomwe khoko layasamula n'kumata. Diso ndi kadontho koyera, pakati kakuda.
6. Mangani ulusi ku kaphesi ka khokolo, mulendeweretse nsomba zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa kamtengo, ulusi wake wosiyana kutalika.

Bawo ya matireyi a mazira

Bawo ili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse 32, ndipo njere zake ndi 64. Tireyi ya mazira 30 ili ndi mizere isanu ya maenje asanu ndi limodzi, choncho imodzi yokha siikwana. Ndinaonapo bawo ya maenje 30, amalume a ana atabwera anakana kuikhudza.

1. Pa tireyi iliyonse dulani chigawo cha maenje anayi uku ndi anayi uku, 16. Dulani m'mphepete mwa maenje otsatira kuti makoma asagumuke.
2. Gundanitsani zigawo ziwirizo kuti mizere ilunjikane, maenje 8 m'litali ndi 4 m'lifupi. Werengani musanamate.
3. Matani zonse pa katoni yolimba pansi. Polumikizira matanipo timizere ta nyuzipepala toviika m'guluu wa ufa, magawo awiri.
4. Zikauma, pakani penti yosachuluka madzi. Tireyi imamwa madzi ngati siponji n'kufewa. Mizere iwiri ya wosewera mmodzi ikhale yobiriwira, ya mnzake yofiira.
5. Njere zikhale timiyala tosalala, mabo kapena nyemba zikuluzikulu. Ana awerenge 64, aike ziwiri m'dzenje lililonse. Umu ndi momwe ophunzira amayambira.

Malamulo ake sindilemba pano, amalowa bwino m'mutu poonera. Imbirani agogo aamuna kapena amalume pa WhatsApp, muloze kamera pa bawoyo. Kwathu foni ya "Agogo, ndidye apa?" inatha mphindi 40, bandulo n'kutheratu.

Galimoto ya waya

Iyi ndi ya ana a zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo, ndipo abambo ambiri amailanda m'manja mwa mwana n'kumaliza okha. Dziletseni, achimwene. Inu pindani zolimba, iye amange.

Waya atuluke m'nyumba mwanu kapena ku shopu ya zipangizo zomangira. Musalole mwana kutola nthambo zamagetsi m'misewu. Zina zimakhala ndi moto, ndipo kuno kupezeka ndi nthambo za kopa zosadziwika kochokera ndi mlandu.

1. Wongolani mahang'ala atatu ndi pulayasi. Nsonga iliyonse ipindeni nthawi yomweyo ngati mbedza yotseka kuti isalase diso.
2. Pindani woyamba kukhala makona anayi, masentimita 25 m'litali ndi 12 m'lifupi. Iyi ndi chesesi. Polumikizira kulungani ndi waya wofewa kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira. Iikeni patebulo, makona onse anayi akhudze pansi. Ikapendama pano, galimoto yonse idzayenda chammbali ngati nkhanu.
3. Wachiwiri udulidwe pawiri, mupinde mbali ziwiri za bodi zofanana. Pindani zonse ziwiri limodzi mutazigundanitsa, ndi momwe zimafananira. Mangani ku chesesi, kenako mulumikize pamwamba ndi timawaya tiwiri topingasa.
4. Kumbuyo, pansi pa chesesi, pangani timphete tiwiri ta waya, kumanzere ndi kumanja. Lowetsani waya wowongoka wa masentimita 18. Uzizungulira momasuka. Mukamanga zolimba mateyala sayenda.
5. Mateyala abwino ndi zitsekerero zazikulu za mabotolo a mkaka kapena tizitini ta polishi. Boolani pakati penipeni ndi msomali. Bowo likapita pambali galimoto imatsimphina. Gundanitsani zitsekerero ziwiri kukamwa ndi kukamwa, kulungani ndi legeni kuti likhale teyala limodzi lonenepa.
6. Lowetsani mateyala, pindani nsonga za waya kunja kwake kuti asavuke.
7. Akutsogolo ndi omwe amakhota. Pangani kachitsulo kopingasa kokhala ndi timphete take tiwiri, mulowetsemo waya wa mateyala monga kumbuyo. Kachitsuloko kamangidwe ku chesesi pakati pokha, pamalo amodzi, kuti kazitembenuka.
8. Chiwongolero ndi hang'ala yachitatu. Nsonga imodzi imangidwe zolimba pakati pa kachitsulo kaja, inayo ipindidwe mozungulira. Yesani kutalika mwana ataimirira, chifike pamchombo. Waya akamagwedera, mangirirani ku kamtengo kowongoka ndi malegeni.
9. Pomaliza, kambendera kakang'ono kutsogolo, ngati galimoto ya nduna. Ana anga analemba "Lilongwe" pa kakatoni n'kukamata pagalasi, akuti ndi basi ya kumudzi.

Ngati yatha isanafike 15 January, tsiku la John Chilembwe, muli ndi poyambira kuwafotokozera za munthu amene nkhope yake amaiona pa ndalama zathu, m'busa wa ku Chiradzulu amene anaukira atsamunda mu 1915.

ZOLAKWIKA ZOMWE ZIMABWERABWERA

Kukopera mbendera pa intaneti osayang'anitsitsa. Ya 2010 ija ikadalipo pa zithunzi zambiri. Mukaona dzuwa loyera, lathunthu, kapena chofiira pamwamba, idutseni. Onaninso kuti simunatenge ya Kenya, yomwe ilinso ndi chakuda, chofiira ndi chobiriwira koma ili ndi timizere toyera ndi chishango pakati.

Kuyamba pa tsiku lenilenilo. Pa 6 July ndi tsiku la ntchito kuno, si holide, ngakhale ana nthawi zambiri amakhala ali pa tchuthi cha chisanu. Pangani Loweruka ndi Lamlungu la m'mbuyo mwake.

Kuthira madzi ambiri m'penti kuti ikwane. Katoni imafufuma, mitundu imafuwa. Bola kupanga mbendera imodzi yooneka bwino ana onse n'kugawana ntchito, uyu chobiriwira, uyu machesi.

Kugwiritsa burashi imodzi pa chakuda ndi pa chofiira. Ngakhale mutaitsuka, chofiira chimada. Chakuda chikhale ndi siponji yakeyake.

Penti yopopera ndi guluu wa mfuti yotentha m'manja mwa ana. Yopoperayo m'chipinda chimodzi imapweteketsa mutu ndi chifuwa, ndipo guluu wotentha amamatirira pakhungu akuwotcha. Palibe chilichonse pamwambapa chomwe chikufuna zimenezi.

Kuiwala pansi pa eni nyumba. Penti ikauma pa kapeti ya lendi, dipoziti yanu yapita. Yalani jumbo yakuda ya zinyalala yong'amba pakati, nyuzipepala pamwamba. Ikadontha, pukutani nthawi yomweyo ndi madzi ozizira, musadikire kuti mumalize kaye.

Kusunga zomata ndi ufa m'kabati yakukhitchini. Mphemvu ndi makoswe zimadya guluu wa ufa, mudzapeza cheza chili mbwee pansi. Zikaumitsitsa zikulungeni m'jumbo, muziike pamwamba pa wadirobu.

Kusiya timiyala, nyemba ndi mitu ya machesi pomwe pali wokwawa. Mukamaliza werengani njere za bawo, zikwane 64, musanamutsitse kumsana.

Kukonza ntchito ya mwana iye akuona. Cheza chimodzi chikapendama chisiyeni, bola chiwerengero chikwane ndipo mitundu ikhale m'malo mwake. Ngati chikukusowetsani mtendere, chiwongoleni usiku iye atagona, guluu asanaumitsitse.